Chiuli ndi Msonkho wa a Kabwazi

Panangotero, kalekalelo, nyama zinkakhoma msonkho. Ee, msonkho ndithu! Mwayamba kale kundiyang'ana cham'mbali ngati ndikunama? Vomerani kaye kuti tili limodzi, zokayikazo muzisungire kumapeto.

Mfumu Mkango anali atatopa ndi kumangoganizira kuti uyu ali ndi zingati, uyo wabisa zingati. Ndiye analamula kuti chaka chilichonse, zokolola zikangolowa m'nkhokwe, nyama iliyonse izilemba yokha pa fomu zimene yapeza, zimene yawononga pozipeza, ndi msonkho umene iyenera kupereka. Bwana wa msonkho anali Njati, mkulu amene palibe anaonapo akuseka. Mesenjala wake anali Nsadzu, kambalame kolongolola, kodziwa pamene pali njuchi paliponse.

Koma fomuyo, abale anga, inali yozunguza mutu. Mizere mbwee, timabokosi tosawerengeka, pena ulembe, pena uchotsere, pena uphatikize. N'chifukwa chake mfumu inasankha Chiuli kuti akhale mphunzitsi wa za msonkho, n'kumukoleka chidindo chachitsulo m'khosi. Fomu iliyonse inkayenera kudindidwa isanafike kwa Njati. Lamulo la chidindocho linali limodzi lokha, koma lolemera: wodinda akutanthauza kuti mwini fomu wamuona ndi maso ake, chuma cholembedwacho wachionanso. Zikapezeka zabodza, wodindayo ndiye alipire msonkho wonsewo.

Chiuli ankachikonda chidindocho kuposa china chilichonse. Ankadya nacho, ankasamba nacho, akamayenda n'kumachigwedeza dala pachifuwa kuti onse achione. Masiku amenewo msana wake unali wakuda bii, wonyezimira. Musaiwale zimenezo.

Kuphunzitsa kwake kunali kwa nyimbo. Malamulo onse a msonkho anawasandutsa nyimbo, ophunzira n'kumaimba kuyambira m'mawa mpaka njala itawapweteka. Yokoma kuposa zonse inali ya chidindo. Chiuli ankatsogolera ndi mawu ake aakuluwo, kufunsa ngati wodindayo waona ndi maso ake, gulu n'kumavomera kuti dzanja lisathamangire pamene maso sanafike, uku akuomba m'manja katatu, kachitatuko mwamphamvu ngati chidindo chikugwa papepala. Nyimbo inali yabwino, tisanamizane. Vuto linali lakuti oimbawo ukawapatsa fomu yeniyeni, ankangoiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mapeto ake onse ankabwerera kwa Chiuli yemweyo kuti awalembere, aliyense atanyamula kangachepe. Chiuli sankaona cholakwika pamenepo.

Pakati pa ophunzira ake akale panali Gologolo, amene ankakhala kumbuyo kwenikweni, mawu ake ngati njinga yosathira mafuta. Chiuli ankamuuza kuti azingoyendetsa milomo, asawononge nyimbo ya anzake. Chaka china Gologolo yemweyo anatsegula sukulu yakeyake ya msonkho. Chiuli atamva, anaseka mpaka misozi.

Kusekako sikunapite patali. Sabata yoyamba kunathawa awiri. Yachiwiri kunathawa asanu. Mwezi usanathe, Chiuli anatsala ndi wophunzira mmodzi yekha, Nungu, mayi wofatsa amene fizi yake ankalipira ndi minga ya pamsana pake, imene Chiuli ankalembera. Nyimbo ya chidindo ankaimba awiriwiri, kuomba m'manja kukumveka ngati wina akupha udzudzu.

Tsiku lina Chiuli anakumana ndi Nkhanga, mmodzi mwa othawa aja, atakwapatira mapepala.

"Mayi Nkhanga, taimani kaye. Ine ndinakulakwirani chiyani?"

"Palibe, aphunzitsi."

"Nanga kwa kamwana kosatha kuimba kaja mukukatolako chiyani?"

"Kumene kuja fomu timaigwira ndi manja athu, aphunzitsi. Amatibweretsera nkhani ya a Kabwazi, ife n'kumalemba. A Kabwaziwo ndi..."

"Basi, basi! Sindinakufunseni zonsezo."

Akanamulola kumaliza, nthano ino ikanathera pomwepa. Koma Chiuli akangomva zabwino za Gologolo, makutu ankatsekeka okha.

Inu ndikutsineni khutu. A Kabwazi kunalibe. Gologolo anangowapeka tsiku loyamba la sukulu, n'kuuza ophunzira ake poyera kuti, "Pophunzira sitingalakwitse fomu ya munthu weniweni. Tiyeni tiyerekeze kuti kuli mkulu wina woweta njuchi, dzina lake a Kabwazi. Iwowo ngakhale tiwalakwitsire kakhumi, sangatisumire." Kuyambira pamenepo ankangowatchula ngati mnansi wodziwika, ndipo palibe ankafunsanso.

Chiuli nsanje inamudya mpaka anaonda. Ophunzira a Gologolo atabwera ndi mafomu awo enieni, olembedwa bwinobwino, anawabweza. "Chidindo changa sichigwa pa zolemba za kwa Gologolo," anatero. Tsiku lopereka mafomu linali pafupi, ndipo wopanda chidindo ankalipira chindapusa. Madandaulo anafika kwa Njati, ndipo Njati anaitana aphunzitsi awiriwo.

"Phokoso sindifuna," anatero Njati. "Tsiku lopereka mafomu, aliyense wa inu abwere ndi mulu wake. Wa Chiuli adinde yekha, wa Gologolo ndiuona ndekha. Amene mulu wake ubweretse msonkho wochuluka, wopanda cholakwika, chidindo chikhala chake. Ndatha."

Chiuli anagwira chidindo pachifuwa ngati wina akuchikoka kale. Mulu wake unali fomu ya Nungu yokha, basi.

"Kamene kamawakoka anthu kumeneku ndikakamva ndekha," anadziuza. Kufunsa anachita nako manyazi, koma kukumba ndiye kunali kwawo. Anakumba una kuchokera kutchire mpaka pansi penipeni pa bolodi la Gologolo, n'kukhala phee, khutu m'mwamba.

"Lero tili ndi fomu ya a Kabwazi," anamva Gologolo akutero. "Ali ndi ming'oma ya njuchi makumi awiri, uliwonse wawapatsa zipanda zitatu za uchi. Apeza zingati? Mayi Nkhanga?"

"Makumi asanu ndi limodzi."

"Mulembe m'bokosi loyamba. Nanga msonkho?"

"Zipanda zisanu ndi chimodzi," wina anafuula.

"Mwawabera a Kabwazi! Zipanda khumi zoyambirira sizikhomeredwa msonkho, ndi za pakamwa pa ana. Chotsani kaye khumizo. Zatsala zingati?"

"Makumi asanu!"

"Pa khumi lililonse mfumu itenga chimodzi."

"Zisanu!" gulu lonse linayankha mokondwa.

Pansipo Chiuli anakukuta mano. Zowerengerazo sanazisamale. Chimene chinamulasa mtima chinali uchi. Iye, mphunzitsi wa mfumu, zaka zonsezi ankalembera mafomu a mtedza ndi mapira, koma kamwana kadzulodzuloka kapeza mwini ming'oma makumi awiri! Gologolo atafufuta bolodi, fumbi la choko linatsikira m'mphako ya unawo n'kumuthira Chiuli pamsana. Iye sanamve n'komwe.

Madzulo ake anakumana ndi Gologolo panjira. Gologolo anapatuka mwaulemu, n'kuwomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" Kenaka maso ake anagwera pamsana pa Chiuli, pamene panali mbuu kuyambira pamutu mpaka kumchira. Anayang'ana, n'kuyang'ananso. "Imvi zakufulumirirani chaka chino, aphunzitsi."

"Zako zimenezo. Tandiuza, a Kabwazi amenewa amakhala kuti?"

"A Kabwazi? Mwawamvera kuti?"

"Mphekesera."

Gologolo anakanda kumutu. Choko chake ankachidziwa. Apo n'kuti atazindikira kale kumene mkuluyu waswera, ndipo ankamudziwanso mtima wake kuyambira masiku a kumbuyo kwa kalasi aja.

"Aphunzitsi, ndikuuzeni zoona. A Kabwazi kulibe. Ndinangowapeka kuti ophunzira aziyeserapo."

"Ha! Ukundiyesa mwana?"

"Zoonadi, aphunzitsi."

"Ukuopa kuti ndikulanda, eti? Nkhope yakoyo ndaiona."

Gologolo anazyolika, n'kumaseweretsa mchira ngati wagwidwa. Chiuli anachoka akung'ung'udza nyimbo yake ya chidindo ija, koma tsopano ankaiyimba mokalipa, m'malo moomba m'manja n'kumaponda pansi katatu. Mawu ake ankatuluka pakamwa, m'mutu osalowa.

Masiku atatu anayendayenda kufunafuna a Kabwazi. Aliyense wofunsidwa ankapukusa mutu. Chiuli anati mumtima, "Wawauza onse kuti andibisire." Pobwerako miyendo itatupa, analowanso mu una muja.

"A Kabwazi atiuza zina zimene anaiwala," Gologolo ankatero pamwambapo, ndipo tsiku limenelo ankalankhula mokweza kuposa kale, atayang'ana pansi. "Ming'oma si makumi awiri ayi, ndi zana lathunthu. Uchi ndi zipanda mazana atatu. Koma analemba aganyu opakula uchi, anawalipira zipanda makumi anayi. Tichite nazo bwanji?"

"Tichotsere, poti anawononga pofuna kupeza uchiwo," anayankha Nkhanga.

"Tingochotsera chifukwa anena?"

"Ayi, ationetse malisiti."

"Malisiti awa. Tsopano tamverani. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa chaka chino, ndipo a Kabwazi anafulula mowa wa zipanda makumi atatu. Akuti tichotserenso, lisiti ali nalo."

Kalasi inagawanika, phokoso lili wowowo. Ena akuti lisiti ndi lisiti, ena akuti ayi. Kenaka panamveka mawu ofatsa, amanyazi.

"Ine ndikuona ngati tisachotsere. Ukwati sunawathandize kupeza uchi. Njuchi sizinamwe nawo mowawo."

Kalasi yonse inafa ndi kuseka, Gologolo n'kufuula, "Mwalasa, mayi Nungu! Lembani choncho!"

Nungu! Chiuli anamva ngati wameza khala la moto. Nungu wake yemwe uja, amene zaka zinayi sanayankhepo funso, lero akuseketsa kalasi ya Gologolo! Misozi inalengeza, ndipo sinali ya chisoni ayi, inali ya nsanje yeniyeni. Bolodi linafufutidwanso, choko n'kumugweranso pamsana.

Atatuluka anapita molunjika pakhomo pa sukuluyo. Anapeza Gologolo atakhala ndi Nsadzu, mesenjala uja, pakati pawo pali chipanda cha uchi, akunyambita zala. Uchiwo Gologolo anagula m'mawa womwewo ndi mtedza wake womaliza, n'kuitana Nsadzu dala. Koma Chiuli akanadziwira kuti?

"Uchi umenewu wautenga kuti, iwe?"

"Ndagula, aphunzitsi. Tabwerani mulawe."

"Wagula! Mphunzitsi wa dzulodzulo kugula uchi? Ndi wa a Kabwazi umenewu!"

Gologolo anatembenukira kwa Nsadzu. "Achimwene, mukhale mboni. Aphunzitsi, ndikubwerezanso pamaso pa mesenjala wa bwana: a Kabwazi kulibe. Ndi munthu wongoyeserera."

"Ndamva ndi makutu anga," anatero Nsadzu, mlomo uli noninoni.

"Nonse awiri wakudyetsani uchi!" anakalipa Chiuli. "Munthu wongopeka amakhala ndi malisiti? Munthu wongopeka amakwatitsa mwana?"

Gologolo anadzidzimuka monamizira. "Za ukwati mwazimvera kuti, aphunzitsi?"

Chiuli anangoti fwee, n'kutembenuka. Nsadzu anamuyang'ana kumsana n'kunong'oneza kuti mkuluyu wakalamba mwadzidzidzi. Panjira nyimbo ija inabweranso yokha pakamwa pa Chiuli, funso lake akulifunsa yekha, yankho akudziyankha yekha, kuponda pansi katatu mpaka fumbi.

Linatsala tsiku limodzi. Chiuli sanadye. Anawerenga ndi zala mafomu a Gologolo, makumi anayi, onse a nyama zosauka, msonkho wake mwina zipanda makumi asanu pamodzi. Kuwonjezapo a Kabwazi, chidindo chapita. Koma a Kabwaziwo atakhala mbali yake? Analowa mu una kachitatu.

"Lero ndi mayeso omaliza," anatero Gologolo, pafupifupi kukuwira m'mphako muja. "A Kabwazi aulula zonse. Ming'oma ndi chikwi. Ali ndi chigayo. Ali ndi nyumba khumi za lendi. Chilichonse chili ndi bokosi lake, musasakanize. Yambani."

Kalasi inagwira ntchito mpaka dzuwa pamutu. Anaphatikiza, anachotsera, anakangana za mafuta a chigayo, anabweza lisiti lina lopanda tsiku. Pomaliza onse anagwirizana: msonkho wa a Kabwazi, zipanda mazana atatu za uchi.

Pansipo Chiuli anatsala pang'ono kukomoka.

"Mayi Nungu, inu muli ndi dzanja labwino, ikopereni pa fomu yoyera," anatero Gologolo. "Mukatha muiike apa, pansi pa bolodi, ndiipsinja ndi mwala. Tiyeni tikadye. Wina asaikhudze!"

Mapazi atatha kumveka, dzanja linatuluka pansi, lakuda, la zikhadabo zazitali. Linapapasa, n'kukankha mwala, fomu n'kulowa mu una. Gologolo anali pamwamba pa denga akukukuta chimanga, akuonerera zonse.

Kutacha nyama zonse zinasonkhana ku ofesi ya Njati. Gologolo anayamba kupereka mulu wake, momwe munalinso fomu ya Nungu. Njati anaona fomu imodziimodzi, akufunafuna cholakwika ndi mtima wonse, koma sanachipeze.

"Mafomu makumi anayi ndi imodzi, onse ali bwino. Msonkho, zipanda makumi asanu ndi ziwiri. Chiuli, mulu wako uli kuti?"

Chiuli anabwera pang'onopang'ono, chidindo chikugwedera pachifuwa, n'kuyala fomu imodzi patebulo.

"Imodzi yokha?"

"Werengani, bwana."

Njati anawerenga. Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwerenganso. Kenaka zinachitika zimene palibe anaonapo: Njati anamwetulira.

"Zipanda mazana atatu! A Kabwazi amenewa anali kuti zaka zonsezi?"

"Ndinawafukula ndine, bwana. Ena ankafuna kuwabisa." Apa anaponya diso kwa Gologolo.

Ophunzira anayang'anana, ena atagwira pakamwa. Gologolo anadumphira kutsogolo, manja ali m'mwamba.

"Bwana, fomu imeneyo ndi ya m'kalasi mwanga! Ndi yoyeserera chabe. A Kabwazi kulibe!"

"Mwamumva, bwana?" anatero Chiuli. "Waona kuti wagonja, ndiye akuti munthu kulibe. Nsanje, bwana. Mwanayu nsanje imupha."

Njati anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. "Nkhani yake ndi yapafupi. Fomuyi ilibe chidindo. Chiuli, a Kabwazi unawaona ndi maso ako?"

 "Ndinawaona, bwana."

"Ming'oma chikwi unaiona?"

"Ndinaiwerenga ndekha."

"Chigayo?"

"Onani msana wangawu, bwana. Ndi ufa wa kuchigayo kwawo."

"Dinda."

Chiuli anavula chidindo m'khosi. Gologolo anagwada pansi, ndipo nthawi ino, kaya zinali zenizeni kaya zonamizira, mawu ake ananjenjemera. "Aphunzitsi, ndinu munandiphunzitsa. Chonde musadinde."

Pamenepo kumbuyo kwa gulu kunamveka nyimbo, motsitsa kwambiri. Anali Nungu. Ankaimba ya chidindo ija, mbali ya mphunzitsi, kufunsa ngati wodindayo waona ndi maso ake. Sankaseka ayi, misozi inali m'masaya. Nkhanga anavomera, ena n'kulowererapo, mpaka bwalo lonse linkamupempha mwa nyimbo yake yomwe kuti dzanja lisathamangire pamene maso sanafike. Anaomba m'manja koyamba. Anaomba kachiwiri.

Dzanja la Chiuli linaima m'malere. Nyimbo yake, chikhalire sinakomepo chotero. Kanthawi kochepa mawu ake analowa m'mutu, ndipo anafuna kubweza dzanja. Koma poyang'ana oimbawo anaona kuti onse aima mbali ya Gologolo, ndi Nungu yemwe. "Andilanda ophunzira, andilanda nyimbo, tsopano akufuna andilande a Kabwazi," anatero mumtima.

Kuomba kwachitatu ndi chidindo zinagwera pamodzi. Pha!

Njati analamula kuti ng'oma ilire, uthenga upite kwa mfumu kuti chaka chino kukubwera zipanda mazana atatu zoonjezera. Ng'oma italira, anatembenukira kwa Chiuli.

"Tsopano pita ndi mesenjala wanga, mukawatenge a Kabwazi ndi uchi wawo. Nsadzu, kwawo ukukudziwa?"

Nsadzu anatera patebulo. "Bwana, ine mng'oma uliwonse wa m'dziko muno ndimaudziwa, ngakhale wa njuchi zisanu. Ming'oma chikwi pamalo amodzi kulibe. Komanso dzana, ine ndili pomwepo, Gologolo anawauza aphunzitsiwa kuti a Kabwazi ndi ongopeka. Iwo anati tadya uchi."

"Nanga bwanji sunanene asanadinde?"

"Simunandifunse, bwana. Komanso tonse tikananena, akanamva?"

Kumwetulira kwa Njati kunazima. "Chiuli, kwawo kwa a Kabwazi ndi kuti?"

"Ndi... ndi cha kutsidya, bwana."

"Kutsidya kwa chiyani?"

Njati anafunsanso.

"Ndi nyama yanji a Kabwaziwo? Ali ndi nyanga? Ali ndi mapiko?"

 Masiku onsewa akuwasakasaka, Chiuli sanadzifunsepo kuti a Kabwazi ndi nyama yanji. Nkhanga anayandikira, n'kumupukuta pamsana ndi phiko, n'kununkhiza.

"Bwana, uwu si ufa. Ndi choko."

Apo ndiye bwalo linaphulika. Ena anagubuduka pansi, ena anagwira nthiti. Nungu yekha ndiye sanaseke.

Njati anamenya tebulo, onse n'kukhala chete. "Ng'oma yalira kale, ndipo mfumu siuzidwa kawiri. Lamulo ukulidziwa, unalipekera ndi nyimbo yomwe. Mwini fomu kulibe, wodinda alipo. Zipanda mazana atatu ndi zako. Bweretsa chidindo."

Chiuli anachigwira ndi manja onse awiri. Kenaka anachiika patebulo pang'onopang'ono, ndipo khosi lake linapepuka moti anachita ngati agwa chagada. Njati anachikoleka m'khosi mwa Gologolo. Chinali chachikulu, chinkamufika m'mawondo.

"Ndipo iwe Nsadzu," anapitiriza Njati, "kuyambira lero uziyenda naye. Uzimulondolera pamene pali njuchi, iye azikumba, iwe uzitenga gawo la mfumu mpaka ngongole ithe."

Anthu akubalalika, Chiuli anamutsekera njira Gologolo.

"Unanditchera msampha, iwe."

"Ndinakuuzani zoona katatu, aphunzitsi."

"Unadziwa kuti sindikhulupirira."

"Ee, ndinadziwa," anatero Gologolo. "Munakana kudinda mafomu makumi anayi a anthu amene munkawaona tsiku ndi tsiku. Ndinafuna ndione ngati mungakanenso ya munthu amene simunamuonepo."

Chiuli anatembenuka, n'kutsatira Nsadzu kutchire.

Mpaka lero ngongoleyo sinathe. Mukaona nsadzu ikulira patsogolo, chiuli chikutsatira pambuyo chili ndwii, dziwani kuti ndi mesenjala ndi wangongole wake. Chiuli amakumba, njuchi zimamuluma, ndipo sachoka osasiyako malesa a mbalameyo. Choko chija anachitsuka n'kuchitsuka, osachoka, moti ndi ana ake omwe amabadwa nacho. Ukali wakenso musadabwe nawo.

Koma chimene chimamupweteka kwambiri si njuchi ayi. Gologolo analamula kuti kalasi yake iziyamba m'mawa uliwonse ndi nyimbo ya chidindo ija, ndipo amauza ophunzira kuti anaipeka ndi aphunzitsi ake, a Chiuli, ndiponso kuti palibe phunziro loposa limenelo. Amene amatsogolera ndi Nungu. Mphepo ikaomba bwino, Chiuli amaimva ali kokumba, kuomba m'manja katatu kuja, ndipo amaleka kukumba n'kutchera khutu. Amaiyimba bwino kuposa mmene ankaimbira kwa iye.

 Nyimbo ikatha amayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi ndi Nsadzu, n'kunong'ona:

"Achimwene, pano tili awiri. Tandiuzani zoona. A Kabwazi aja, kulibedi?"

Yanga yathera pamenepa. Koma musandipatse chidindo kuti ndiidinde, poti a Kabwaziwo nanenso sindinawaone.